Mawu ndi milomo sizikuyendera limodzi pa screen record ya chinkhoswe

Wa ku Bangwe: Anzanga, mutu waima. Tinaulutsa chinkhoswe pa Facebook Live kudzera pa OBS (pulogalamu youlutsira ndi kujambulira pa laputopu), 720p, koma mnyamata wa pa laputopu sanadine Start Recording. Eni ake akufuna flash Loweruka, ndapita pa page vidiyo kulibe. Yomwe ndapeza ndi ya azakhali a mkazi ku Johannesburg, anapanga screen record pa foni ya Android, maola awiri ndi theka. Mu Premiere, pulogalamu yokonzera vidiyo, koyambirira zili bwino, kufika pa perekaniperekani milomo ya MC yatsalira masekondi anayi. Ndadula, ndakoka, zikubwereranso. Ndipange bwanji?

Madala a Kamera: Kamera inalibe memory card?

Wa ku Bangwe: Inali pa chingwe cha HDMI chopita ku laputopu basi, madala.

Madala a Kamera: Ndiye vuto ndi limenelo. Live si archive. Jambulani mu kamera nthawi zonse.

Mlongo wa ku Area 25: Achimwene, musadabwe kuti yasowa. Kuyambira February 2025 Facebook imasunga ma live masiku 30 okha, kenako imafufuta. Kale inkakhala mpaka kalekale, n'chifukwa ambiri tinazolowera. Za mawuzo ndi variable frame rate: foni ikatentha kapena netiweki ikagwedera imadumpha ma frame, pomwe mawu akungoyenda. Iponyeni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mtundu wa vidiyo, musankhe 30fps ndi Constant Framerate, ndiye muilowetse mu Premiere. Koma funsani kaye anakutumizirani bwanji. Ngati yadzera pa WhatsApp ngati vidiyo wamba yafinyidwa kale, apemphe mwana awaikire pa Google Drive.

Wa ku Mzuzu: Ndipo musayembekeze zozizwitsa. Pamene live inaima kwa azakhaliwo, kabwalo kaja kakuzungulira, palibe chobweza. Ine wina anandipatsa yotere ya maliro, pakati pa ulaliki pakutulukira mauthenga a gulu la banja, ena okamba za chuma cha malemu. Ndinakhala usiku wonse ndikuphimba. Yang'anani yonse musanapereke, eni ake angakuoneni ngati ndinu mwaulula.

Madala a Kamera: Zonsezi card ya 64GB ikanathetsa.

Mlongo wa ku Area 25: Tamva madala, koma chinkhoswe chinatha kale.

Wa ku Zomba: Nawonso a OBS, mukamajambula musaike mtundu wa file wa MP4 wamba. Magetsi akazima kapena laputopu ikafa pakati, file yonse siitseguka. Ikani MKV, mukamaliza dinani File, Remux Recordings kuti isanduke MP4, mphindi imodzi yatha. Ndipo flash ija muone format yake, ngati ili FAT32 siilandira file yoposa 4GB. Makasitomala amaganiza kuti tawabera malo.

Wa ku Mzuzu: Koma ukaisintha kukhala exFAT, ma TV ena akale saiwerenga. Kenako foni usiku, "vidiyo yanu siikuonetsa."

Wa ku Zomba: Pamenepo ingoiduleni pawiri. Ine masiku ano ndimaponyanso ku YouTube, live yosapitirira maola 12 imasungika yokha. Kungoti nyimbo za DJ zimakoka copyright, mawu amatha kuzimitsidwa pomwe anthu akuvina.

Madala a Kamera: YouTube, Facebook, zonse ndi nyumba ya eni. Card ndi yanu.