Kodi chiutsi choyera cha magetsi a nthunzi ya pansi pa nthaka chili ndi chiyani?

Wachigayo wa ku Katete:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Chiyambire chilala cha 2024, pomwe madzi anatsika ku Kariba malaiti n'kumabwera maola atatu okha pa tsiku, ife a zigayo nkhani yathu ndi magetsi basi. Mphwanga wa ku koleji anandionetsa vidiyo ya ku Kenya kumene amapanga magetsi ndi nthunzi ya pansi pa nthaka, akuti mvula ikane isakane, makina salekeza. Akutinso nafe tingathe poti akasupe otentha tili nawo, monga aja a pa Chinyunyu m'mbali mwa Great East Road. Koma chimene ndinaona ine ndi chiutsi choyera chikufuka mpaka kuphimba phiri. Ndili ndi mwana wa mphumu, utsi wa mbaula wokha umamugoneka pansi. Mu utsi umenewo muli chiyani? Si chimodzimodzi ndi wa malasha a ku Maamba?

Mnyamata wa masola, Kapata:

Amdala musade nkhawa, si utsi umenewo, ndi nthunzi ya madzi chabe. Sawotcha kalikonse. Ziro.

Mphunzitsi wopuma, Chipata:

Mwanawe wa ku Kapata, walondola theka. Choyeracho ndi madzidi, chinyezi chochokera m'nsanja zimene amaziziritsira nthunzi ikamaliza kuzunguza makina. Koma ziro ayi. Chofunika kufunsa ndi chimene kamera singajambule.

Zitsime za ku Olkaria, malo opangira magetsi otere ku Kenya, zimalowa pansi makilomita 2 kapena 3. Kumeneko madzi ndi opanikizika kwambiri, ndipo mkati mwake mumasungunuka mipweya yochokera m'miyala. Akangofika pamwamba zimachitika zija za botolo la Fanta mukalitsegula: mpweya umene unabisala m'madzi umatuluka. Nthunzi ikazizira imabwerera kukhala madzi, koma mipweya imeneyi siibwerera. Ikatsala m'makina imawafooketsa, ndiye amaiyamwa n'kuitulutsa, ndipo m'malo ambiri imathera m'mwamba. Wochuluka ndi carbon dioxide, kawirikawiri kuposa magawo 90 pa 100. Wotsatira ndi hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lowola, kenaka tochepatochepa ta methane, ammonia, ndi kwina mercury.

Za carbon dioxide ndisataye nthawi, poti sakhudza chifuwa cha mwana. Pa yuniti imodzi ya magetsi, yomwe ija timagula pa foni, malo otere amatulutsa pafupifupi magalamu 120 mukawerengera dziko lonse lapansi. Malasha a mumgodi amatulutsa 900 kufika 1,000. Koma nambala ya 120 ikubisa zambiri, chifukwa mwala ndiwo umalamula. Ku Turkey, m'chigwa cha Büyük Menderes, pansi pali miyala ya laimu, ndipo malo ena kumeneko amafika pa mlingo wa malasha, ena kupitirira. Ku Iceland, pa Hellisheiði, kuyambira 2014 amasungunula gawo la mpweyawu m'madzi n'kuubwezera pansi, ndipo pasanathe zaka ziwiri umasanduka mwala. Onsewa dzina ndi limodzi, koma mpweya wake ndi wosiyana kutalitali.

Tsopano kwa inu achimwene a ku Katete. Chimene chimapweteka anthu a mphumu mu utsi wa malasha kapena wa mbaula ndi timwaye tating'onoting'ono tolowa m'mapapo ndi mipweya yobadwa pa moto. Kuno kulibe moto, ndiye mwaye kulibe, phulusa kulibe. Mdani wa kuno ndi hydrogen sulphide.

Ndinafikako ku Olkaria nditapita kukaona mwana wanga amene amagwira ntchito ku Kenya. Malowa ali m'kati mwa paki ya Hell's Gate, pafupi ndi Naivasha, ndipo makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1981. Tisanaone n'komwe mapaipi, mphuno inali itatiuza kale: fungo la dzira lowola linalowa m'galimoto mawindo ali otseka. Mbidzi zinali kudya msipu m'mbali mwa mapaipi osalabadira. Amene anatiperekeza anationetsa kawaya ka kopa kotuluka m'bokosi la magetsi, kali bii, ndipo anati mpweyawu umadya kopa ndi siliva, moti mphete ya siliva imada msanga. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti fungo lija sindikulimvanso kwenikweni, chonsecho tinali titayandikira.

Mphuno ya munthu imagwira mpweya umenewu ngakhale uli wochepetsetsa, kutali kwambiri ndi mlingo wovulaza. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a mamaikrogalamu 150 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa maola 24, koma fungo limayamba kunyansa pa 7 chabe. Choncho kununkha pakokha si matenda. Choopsa chili mbali inayo: ukachuluka zedi umapha mphuno, munthu n'kumayesa kuti watha, pomwe ndi pamene ukumupha.

Za mphumu, ofufuza a ku Rotorua ku New Zealand, tauni imene imanunkha chotere chaka chonse, sanapeze kuti mphumu ikuchuluka mwa okhala m'madera onunkha kwambiri. A ku Reykjavik ku Iceland anapeza kuti pakapita masiku angapo mpweyawu utachuluka, anthu otenga mankhwala a mphumu amachulukirako pang'ono. Ine, mwana akanakhala wanga, sindikanamanga nyumba kumene mphepo ya pamalopo imalowera, komabe ndikanaopa kwambiri mbaula ya m'nyumba mwezi wa June.

Wokumba zitsime, Petauke:

Aphunzitsi, mpweya mukunenawo ife timaudziwa. Umakhala m'maseputiki thanki ndi m'zitsime zakale zogweramo zinthu. Pamwamba mumapuma bwinobwino, mukatsika mikono ingapo mutu waaa, maso kuyabwa. N'chifukwa chake sitilola munthu kulowa wopanda chingwe m'chiuno ndi anzake awiri pamwamba. Umakonda pansi. Ndiye ndifunse: atamanga zotere m'chigwa, monga kwa alamu anga ku Mfuwe kumene kuli kasupe wotentha ku Nsefu, m'mawa wa nyengo yozizira mphepo ili zii, suunjikana m'midzi?

Mphunzitsi wopuma, Chipata:

Funso limenelo ndiye la mainjiniya enieni, bambo a ku Petauke. Hydrogen sulphide ndi wolemerako kuposa mpweya wamba, ndipo usiku wopanda mphepo umatsetserekera m'makhwawa. Pomanga Olkaria IV, mabanja a Amasai a midzi inayi anasamutsidwa mu 2014, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali mpweya umenewu ndi phokoso. Ena amaugwira usanatuluke. Ku The Geysers ku California amausandutsa salfa wachikasu amene amakathira m'minda. Ku Italy, pa phiri la Amiata, anaika makina ochotsa hydrogen sulphide pamodzi ndi mercury. Zimatheka, kungoti ndi ndalama, ndipo kampani siithamangira kuwononga ndalama ngati lamulo silikuikakamiza.

Koma apa ndi pamene vidiyo ya ku Kenya ingatisokeretse. Olkaria ili pa mapiri a moto, pansi pake kutentha kumapitirira madigiri 250. Akasupe athu si otero. Ku Bweengwa, pafupi ndi Lochinvar, kumene kampani ya Kalahari GeoEnergy yakhala ikuboola, madzi amene anapeza angopitirira pang'ono madigiri 100. Madzi otere sangapereke nthunzi yokwanira kuzunguza makina mwachindunji. Amafuna mtundu wina wotchedwa binary. Madzi otentha amadutsa m'paipi yotseka, n'kutenthetsa mankhwala ena owira msanga monga pentane amene ali m'paipi yakeyake. Nthunzi ya mankhwalawo ndiyo imazunguza makina, ndipo madzi aja amabwezeredwa pansi kudzera pa chitsime china osaonako dzuwa. Akawasunga opanikizika njira yonse, mipweya ija imabwerera nawo. Palibe chiutsi, fungo ndi lochepa kapena kulibiretu.

Ndanena kuti akawasunga opanikizika, chifukwa ku Turkey kuja alipo a binary amene amataya mpweya m'mwamba ndithu, wachuluka kwambiri moti sangaubwezere wonse. Komanso nthawi yoboola ndi kuyesa zitsime, chitsime amachisiya chotsegula milungu ingapo kuti aone mphamvu yake, ndipo pamenepo zonse zimatuluka, phokoso lake losagonetsa. Pentane nayenso amayaka moto akadontha.

Tsiku lina a kampani akadzabwera kwa mfumu ndi mapepala, lamulo la 2011 loona za chilengedwe limafuna kuti ntchito yaikulu chotere iyambe yaunikidwa, lipoti lipite ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo amvedwe. Pamsonkhanopo musangofunsa za ntchito za aganyu. Afunseni kuti m'madzi a m'chitsime chawo anapezamo mpweya wochuluka bwanji, ngati udzabwerera pansi kapena udzatayidwa m'mwamba, ndiponso kuti kachipangizo koyezera hydrogen sulphide kadzakhala pa geti pawo kapena m'mudzi wa kumunsi kumene alamu anu amagona.

Mnyamata wa masola, Kapata:

Ndamva bambo, ziro uja ndabweza. Koma chitsime chimodzi chakuya ndi mamiliyoni a madola, ndipo mutha kuboola osapeza kanthu. Ndalama zimenezo mapanelo angati?

Mphunzitsi wopuma, Chipata:

Ambiri ndithu, ngakhale usiku amagona. Pa za kuboola osapeza kanthu sindikutsutsa. Ku Kapisya, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, anaika timakina tiwiri ta binary cha m'ma 1986 ndi thandizo la boma la Italy, tonse pamodzi makilowati 200. Madzi a m'zitsime zake anapezeka osatentha mokwanira, ndipo magetsi ake sanafike m'nyumba ya munthu.