Nthawi ya mamilisekondi mu Python: malisiti a mathilu awiri akugundana

Wofunsa wa ku Mbare

Akuluakulu ndi anzanga pantchito, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Ndimasamalira pulogalamu yolemba malonda m'sitolo ina yogulitsa katundu wa pikulitsa kuno ku Mbare, mu mzinda wa Harare, ndipo inalembedwa m'chilankhulo cha mapulogalamu cha Python pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4, pamene zolembedwazo zimasungidwa mu database (nkhokwe ya zolembedwa) ya MariaDB. Nambala ya lisiti lililonse ndinkaitenga ku nthawi, polemba `int(time.time())`, imene imapereka nthawi m'masekondi athunthu, ndipo zinkayenda bwino pamene thilu (makina olipirirapo) inali imodzi. Mwezi watha eni sitolo anawonjezera thilu yachiwiri, ndipo tsopano anthu awiri akalipira pa sekondi imodzi, malisiti awo amatenga nambala yofanana, lina n'kukanidwa. Ndinayesa kuchulukitsa nthawiyo ndi 1000 kuti ndipeze mamilisekondi (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000), koma database inakana ndi uthenga wakuti nambalayo yapitirira malire. Kodi njira yoyenera yopezera nthawi mpaka pa milisekondi ndi iti, nanga ndingaisunge bwanji?

Mayi a ku Highfield

Achimwene, mbali yoyamba ya funso lanu si yovuta. Ngati Python yanu ndi 3.7 kapena yatsopano kuposa pamenepo, lembani `time.time_ns() // 1_000_000`, ndipo mudzalandira nambala yathunthu ya mamilisekondi amene adutsa kuyambira pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC, yomwe ndi muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi. Njira yanu yochulukitsa ndi 1000 si yolakwika kwenikweni, koma `time.time()` imabweza nambala ya float, kutanthauza nambala yokhala ndi madesimo, ndipo mukadula zotsalira zake mukhoza kupereweza milisekondi imodzi. Ine ndimakonda kuyambira ku nambala yathunthu kuti nkhawa imeneyo isakhalepo.

Kukana kwa database kukuchokera kwina. Ndikukhulupirira kuti column yanu, malo a mu database osungiramo nambala ya lisiti, ndi ya mtundu wa INT, umene malire ake ndi 2147483647. Masekondi a masiku ano ali ndi manambala 10 ndipo akukwanamo, koma mamilisekondi akhala ndi manambala 13 kuyambira pa 9 Seputembala 2001, choncho sangalowe. Sinthani column imeneyo kuti ikhale BIGINT, mtundu umene umalandira manambala aakulu kwambiri. Muthokoze kuti database yanu inakana poyera, chifukwa ikanakhala kuti strict mode, imene imakana manambala opitirira malire, ndi yozimitsidwa, bwenzi itasandutsa nambala ya lisiti lililonse kukhala 2147483647 mwakachetechete. Ndiponso ngakhale mukanapitiriza ndi masekondi, INT imeneyo ikanadzadza pa 19 Januwale 2038.

Mukafuna kuti nthawi iziwerengeka ndi maso a munthu, gwiritsani ntchito `datetime.now(timezone.utc).isoformat(timespec="milliseconds")`, ndipo column yake ikhale DATETIME(3), chifukwa DATETIME yopanda nambala m'mabulaketi imataya zonse za pansi pa sekondi. Musanyengedwe ndi `%f` ya mu `strftime`, chifukwa imapereka manambala 6, omwe ndi mamaikirosekondi.

Achimwene a ku Mabvuku

Ndikugwirizana ndi zimene Mayi afotokoza. Ndingowonjezera za zilankhulo zina, poti ena muno salemba Python. Mu JavaScript, `Date.now()` imabweza mamilisekondi popanda kuchita china chilichonse. Mu PHP ndi `microtime(true)`, imene imabweza masekondi pamodzi ndi madesimo ake, ndipo dziwani kuti `date("v")` imangolemba 000 nthawi zonse chifukwa imalandira masekondi athunthu, choncho pamafunika DateTime. Mu shell ya Linux ndi `date +%s%3N`, ngati `date` yanuyo ndi ya GNU, ndipo Bash 5.0 inabwera ndi `$EPOCHREALTIME` imene siyambitsa pulogalamu ina. A Lua okha ndi amene amavutika, pakuti `os.time()` imathera pa sekondi, pamene `os.clock()` imawerenga nthawi imene purosesa yagwira ntchito, choncho ambiri amadalira `socket.gettime()` ya mu LuaSocket.

Wofunsa wa ku Mbare

Zikomo kwambiri Mayi, zikomonso achimwene. Ndasintha column kukhala BIGINT ndipo malisiti asiya kukanidwa. Koma poyang'ana zolembedwa za dzulo ndapeza chinthu chimene chandidabwitsa kuposa choyamba chija. Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko m'mawa n'kuyakanso masana, ndipo malisiti angapo amene anatuluka magetsi atangoyaka ali ndi nthawi ya kumbuyo kuposa amene anatuluka magetsi asanazime. Pamalo penanso, pamene ndimayeza nthawi imene makina osindikiza lisiti amatenga, pali ntchito imodzi yosonyeza kuti inatenga maola atatu, chonsecho palibe kasitomala amene anadikira ngakhale mphindi imodzi. Kodi ndalakwitsa pogawa nambala ija?

Bambo a ku Mufakose

Mwana wanga, simunalakwitse pogawa, ndipo ndakondwa kuti mwabwerera ndi nkhani imeneyi, chifukwa apa m'pamene pagona vuto lenileni. Zimene anzanga akuuzani ndi zoona zonse, koma zikuyankha funso la momwe mungawerengere wotchi mozama, pamene wotchi imene mukuwerengayo ndi yosadalirika.

Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya batire mkati mwake. Magetsi akazima imaiwala nthawi, ndipo ikayakanso imayambira pa nthawi yomaliza imene inasunga pa khadi lake. Ngati muli ndi fake-hwclock, kapulogalamu kamene kamasunga nthawi pa khadi, nthawiyo imasungidwa kamodzi pa ola ndiponso pozimitsa bwino, kutanthauza kuti magetsi akaduka mwadzidzidzi, kakompyutako kakhoza kudzuka kali kumbuyo ndi pafupifupi ola lathunthu poyerekeza ndi lisiti lomaliza limene kanalemba. Kamapitiriza kuwerenga kuchokera pamenepo mpaka rauta itayaka ndi intaneti itabwera, ndiyeno NTP, njira yolondolera wotchi kudzera pa intaneti, imakankhira wotchi kutsogolo kamodzin'kamodzi. Malisiti a nthawi ya kumbuyo aja analembedwa intaneti isanabwere, ndipo maola atatu aja ndi kudumpha kwa wotchi kumene kunachitika pakati pa kuyamba ndi kutha kwa kusindikiza lisiti limodzi. Tonse amene timagwira ntchito mu Harare tikudziwa kuti kuzima kwa magetsi si chinthu cha apo ndi apo, choncho pulogalamu imene imaganiza kuti wotchi imangopita kutsogolo idzatigwetsa mphwayi mobwerezabwereza.

Mu kompyuta muli mawotchi awiri, ndipo ntchito zake ndi zosiyana. Yoyamba ndi imene imatiuza tsiku ndi ola, yomwe `time.time()` ndi `time.time_ns()` zimawerenga, ndipo munthu kapena NTP akhoza kuibweza kumbuyo kapena kuikankhira kutsogolo. Yachiwiri ndi imene `time.monotonic()` imawerenga, yomwe sidziwa kuti lero ndi tsiku lanji koma sibwerera m'mbuyo ngakhale wina asinthe nthawi. Poyeza kutalika kwa ntchito, tengani `time.monotonic_ns()` poyamba ndi pomaliza, chotserani, kenako gawani ndi 1000000. Koma nambala yakeyo musaisunge mu database ngati nthawi ya malonda, chifukwa ilibe tanthauzo kunja kwa kompyuta imeneyo, ndipo kompyuta ikazima n'kuyakanso simungaiyerekeze ndi ya poyamba. A PHP ali ndi `hrtime()` kuyambira pa 7.3, ndipo a JavaScript ali ndi `performance.now()`, pa ntchito yomweyi.

Chachiwiri, ndipo pano ndilankhula mosabisa, nthawi si nambala ya lisiti. Mamilisekondi achepetsa kugundana koma sanakuthetse, chifukwa mathilu awiri akhozabe kulemba pa milisekondi imodzi, ndipo wotchi ikabwerera m'mbuyo imadutsanso pa manambala amene anagwiritsidwa kale ntchito. Tsiku lina lisiti la mayi wogula matumba a ufa lidzakanidwa pamzere wautali wa kumapeto kwa mwezi, ndipo wa pathilu sadzadziwa choti amuuze. Lolani database ipereke nambalayo ndi AUTO_INCREMENT, imene imapereka yokha nambala yotsatira pa lisiti lililonse, poti mathilu onse akulemba pamalo amodzi, ndipo nthawi ikhale mu column yakeyake.

Mayi a ku Highfield

Bambo anena zoona, ndipo ndikuvomereza kuti ndinathamangira kuyankha zimene zinafunsidwa osafunsa kuti nambalayo ikugwira ntchito yanji. Ndiwonjezere chimodzi pa nkhani ya kusunga. Sungani nthawi mu UTC, ndipo muziisintha kukhala ya kuno posindikiza lisiti pokha, pogwiritsa ntchito `ZoneInfo("Africa/Harare")` imene ili mu Python kuyambira pa 3.9. Harare ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, chimodzimodzi Lilongwe ndi Blantyre, ndipo chifukwa choti sitisintha mawotchi ndi nyengo, ambiri a ife timangowonjezera maola awiri pamanja. Zimenezi zimayenda mpaka tsiku limene zolembedwa zanu zasamutsidwira pa seva ya ku London, kumene wotchi imasintha kawiri pa chaka.

Kwa amene amayesa mapulogalamu awo pa Windows asanawatumize pa Linux, musadabwe mukaona mamilisekondi akudumpha m'magulu. Kwa zaka zambiri `time.time()` pa Windows inkasuntha kamodzi pa mamilisekondi pafupifupi 15.6, ndipo zimenezi zinakonzedwa mu Python 3.13. Kukhala ndi manambala atatu kumapeto kwa sekondi sikutanthauza kuti onse atatuwo ndi oona.

Wofunsa wa ku Mbare

Bambo, funso limodzi lotsala. Ngati intaneti yachedwa kubwera magetsi atayaka, kodi ndiletse mathilu kugulitsa mpaka wotchi italondola? Eni sitolo sangavomere zimenezo.

Bambo a ku Mufakose

Musaletse malonda. Gulani kachipangizo ka wotchi ka DS3231, kamene kamalumikizidwa pa mapini a I2C ndipo kamayendera kabatire kakang'ono kozungulira, kuti kakompyutako kazidzuka kakudziwa nthawi ngakhale palibe intaneti. Mukakaika, muchotse fake-hwclock kuti ziwirizi zisamalimbane. Podikira kuti mukapeze, lamulo la `timedatectl show` limasonyeza ngati NTPSynchronized ili yes kapena no, choncho pulogalamu yanu ikhoza kufunsa zimenezo n'kuika chizindikiro pa lisiti lililonse lolembedwa wotchi isanalondole. Wowerengera ndalama akadzaona chizindikirocho adzadziwa kuti ndondomeko ya malisiti aikhulupirire kuchokera ku nambala, osati ku nthawi.

Wofunsa wa ku Mbare

Ndabwerera kudzapereka lipoti. Nambala ya lisiti tsopano ikuchokera ku AUTO_INCREMENT, nthawi ikusungidwa mu UTC mu column ya DATETIME(3), ndipo kuyeza kwa makina osindikiza kukugwiritsa ntchito `time.monotonic_ns()`. Usiku titatseka sitolo ndinazula chingwe cha magetsi mwadala, n'kuyatsanso rauta ili yozima, ndipo malisiti asanu oyesera anatuluka motsatana bwino, onse ali ndi chizindikiro choti wotchi inali isanalondole. Nditayatsa rauta, chizindikirocho chinasiya kuoneka ndipo palibe ntchito imene inasonyeza maola. Kachipangizo ka DS3231 ndikakafunafuna m'tauni Loweruka, ndipo ndikakaika ndidzabwereza kuyesa komweku kuti ndione ngati nthawi ya lisiti loyamba idzagwirizane ndi ya pafoni yanga.