Makina akupatsa nota yapamwamba mwana wongolemba zambiri

Aphunzitsi a História, Ulónguè:
Anzanga, tathandizeni. Taphunzitsa modelo, makina a pa kompyuta ochonga mayeso, ndi mayankho 300 a ana a 10ª classe pa funso la nkhondo ya Barue ya 1917. Ana anapatsidwa zolemba ziwiri, lipoti la mkulu wa boma la Apwitikizi ndi mawu a gogo wofotokoza za chibalo. Wodzaza tsamba lonse ndi zoloweza akupeza 16. Wolemba mizere isanu yofunsa kuti lipotilo analemba ndani, ndipo ankalembera yani, akupeza 9. Chalakwika n'chiyani?

Aphunzitsi a Informática, Moatize:
Achimwene, nota zomwe munaphunzitsira makinawo anachonga ndani? Ngati anali munthu mmodzi wopereka nota imodzi pa 20, vuto lagona pomwepo. Ife tikatopa timakondera yankho lalitali, ndipo makina angotengera khalidwe lathulo. Yesani kaye izi: ikani kuchuluka kwa mawu a yankho lililonse m'danga limodzi la Excel, nota m'danga lina, muone ngati zikukwera limodzi.

Amayi ochonga mayeso, Furancungo:
Nota imodzi ija iphwanyeni patatu, gawo lililonse 0 mpaka 3. Loyamba, mwana wafufuza mwini wa cholembacho ndi cholinga chake? Lachiwiri, wachiika m'nthawi yake? Apa tikufuna atchule kuti Portugal inali pankhondo ndi Ajeremani, anthu ankagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali, ena kukalima msewu wa Tete kupita ku Macequece. Lachitatu, wayerekeza zolemba ziwirizo n'kuona pomwe zikutsutsana? Gawo lililonse likhale ndi modelo yakeyake.

Ochonga akhale awiri, aliyense payekha, osaonerana. Kenako werengerani kappa, nambala yoonetsa mmene ochonga awiriwo akugwirizanira. Ikapanda kufika 0.7, makina musawakhudze n'komwe, khalani pansi mugwirizane kaye kuti 2 ndi yotani, 3 ndi yotani.

Aphunzitsi a História, Ulónguè:
Zamveka amayi. Nanga 300 akwana?

Aphunzitsi a Informática, Moatize:
Pa funso limodzi mungayambe nawo, bola mugwiritse njira yopepuka, TF-IDF (yosandutsa mawu kukhala manambala) ndi logistic regression (yolosera nota kuchokera pa manambalawo). Koma dziwani kufooka kwake: imawerenga mawu okha. Mwana akangolemba "Makombe", "chibalo", "fonte" kangapo, nota imakwera ngakhale sanaganize chilichonse. BERTimbau, modelo yaikulu ya chiyankhulo, imagwirako tanthauzo la chiganizo, kungoti inaphunzira Chipwitikizi cha ku Brazil. Ana athu a ku Angónia amaganiza m'Chinyanja n'kulemba m'Chipwitikizi, ndiye kalembedwe kokhota ikhoza kukatenga ngati maganizo ofooka.

Pogawa mayankho ophunzitsira ndi oyesera makina, sungani mayankho 60 oyesera, ndipo akhale a turma yomwe makina sanaionepo. Ana a mphunzitsi mmodzi amalemba zofanana, ndiye mukasakaniza zotsatira zimaoneka bwino mwabodza.

Amayi ochonga mayeso, Furancungo:
Chinanso, otaipa mayankho asakonze zolakwika za mwana. Mukaphunzitsa makina ndi zokonzakonza, adzasokonezeka akadzakumana ndi zenizeni. Mayina a ana chotsani, ikani manambala. Lembaninso nokha mayankho khumi a msampha, asanu aatali opanda mfundo, asanu aafupi akuthwa. Modelo ikakodwa, sinapse.

Aphunzitsi a Informática, Moatize:
Ndipo modelo ya Barue musaipititse pa funso la kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu mu 1972. Funso latsopano limafuna mayankho ake ochongedwa. Pomwe makina asiyana ndi mphunzitsi ndi mapointi awiri pa gawo limodzi, pepalalo liwerengedwenso ndi munthu nota isanalowe pa pauta.

Aphunzitsi a História, Ulónguè:
Ndayesa za Excel zija, zikukweradi limodzi. Amayi, nditumizireni zitsanzo za 2 ndi 3 pa gawo lachitatu, tichongenso Loweruka.