Kodi mapiri ndi mizinda zimachulukitsa mvula yamphamvu ndi kusefukira kwa madzi?

Wofunsa:
Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zanyengo. N'chifukwa chiyani malo awiri oyandikana amalandira mvula yosiyana kwambiri, kwina madzi akusefukira pamene kwina nthaka yangonyowa pamwamba? Ndamvanso kuti mzinda waukulu umadzikokera mvula. Kodi n'zoona, kapena madziwo amangooneka ochuluka chifukwa chosowa kolowera?

Wokwera Mapiri:
Ndiyambe ndi mapiri, a Wofunsa. Mphepo yachinyezi ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ndipo ikamakwera imazizira mpaka chinyezi chija chitasanduka mitambo yamvula. N'chifukwa chake mudzi wa Mawsynram, umene uli m'mapiri a Khasi ku India moyang'anizana ndi mphepo yochokera kunyanja ya Bay of Bengal, umalandira mvula yoposa mamilimita 11,000 pachaka, pamene mbali ya phiri imene ili kuseri kwa mphepo kawirikawiri imakhala youma. Koma phiri silingogwetsa mvula chabe ayi, limathamangitsanso madzi. Pamalo otsetsereka madzi sapeza mpata wolowa pansi, ndipo timitsinje tonse timafika m'chigwa nthawi imodzi, monga zinachitikira m'chigwa chopapatiza cha Ahr ku Germany mu Julayi 2021, kumene anthu oposa 130 anamwalira.

Womanga Ngalande:
Zimene munamva za mizinda zili ndi maziko. Kafukufuku wa METROMEX, amene anachitika ku St. Louis ku America m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti m'nyengo yotentha mvula yamabingu inkagwa yochuluka kumbali imene mphepo imalowera ikadutsa mzindawo. Madenga ndi misewu zimasunga kutentha, mpweya wotenthawo umakwera, ndipo nyumba zazitali zimatchinga mphepo n'kuiponyera m'mwamba. Ngakhale zili choncho, ine ndimaona kuti chimene mzinda umachita kumitambo n'chochepa poyerekeza ndi chimene umachita ndi madzi akafika pansi. Konkire ndi phula sizimwa madzi, ndipo madambo, amene kale ankawasunga n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, anakwiriridwa kuti pamangidwe nyumba. Pa 26 Julayi 2005 mzinda wa Mumbai ku India unalandira mamilimita 944 m'maola 24. Palibe ngalande imene ikanapirira mvula yotere, komabe tsokalo linakula chifukwa mtsinje wa Mithi unali utapanikizidwa ndi zomangamanga komanso utadzaza zinyalala.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga akatswiri akamati "chigumula cha kamodzi pa zaka 100", bwanji m'madera ena chimabweranso pasanathe ndi zaka khumi zomwe?

Womanga Ngalande:
Mawu amenewo amasocheretsa anthu ambiri. Satanthauza kuti chikachitika lero ndiye kuti mwapuma zaka 99, koma kuti chaka chilichonse pali mpata umodzi mwa 100 woti chichitike. Chiwerengerocho amachipeza poona miyeso ya zaka zapitazo, pamene mzinda unali waung'ono ndiponso mapiri ouzungulira anali ndi mitengo. Onjezanipo mfundo yakuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi ya Celsius umatha kunyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo muona chifukwa chake ngalande yoyezedwa potengera mvula yakale imasefukira mobwerezabwereza.