Radiyeta ya mkuwa pa injini ya head ya aluminiyamu: ndiichotse?

Bambo a Tadala, Rosettenville

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux yakale ya petulo, 2.7, yomwe ndimanyamulira katundu wa anthu kuchoka ku Joni kuno kupita ku Blantyre kudzera pa Beitbridge ndi Tete. Radiyeta yake itang'ambika ndinagula ya mkuwa kumasikirapu a ku Booysens, poti ya mkuwa ikabooka panjira amaiwotcherera paliponse, pomwe ya matanki apulasitiki ikasweka ndiye kuti mwagona pomwepo. Tsopano thermostat housing, kachipinda ka aluminiyamu ka pa injini kodutsa madzi opita ku radiyeta, yayamba kudontha. Titamasula tapeza mkati muli timaenje timaenje ndi ufa woyera, madzinso akutuluka ofiirira. Mnzanga akuti mkuwa ndi aluminiyamu sizigwirizana, ndichotse radiyetayo isanandithere head, chigawo chapamwamba cha injini. N'zoona? Galimoto imeneyi ndi imene ikulipirira ana fizi kumudzi, ndiye mtima suli m'malo.

Makaniko wa ku Turffontein

Achimwene, mnzanuyo sananame, koma radiyeta musaichotse kaye. Zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizana, n'kukhalanso m'madzi amene magetsi angadutsemo, zimachita ngati batire, ndipo chimodzi chimadyeka chinzake chili bwinobwino. Pakati pa mkuwa, chitsulo ndi aluminiyamu, wodyeka ndi aluminiyamu. Koma injini yanuyo block yake, thunthu la injini, ndi yachitsulo, head ya aluminiyamu, kutanthauza kuti zitsulo zosiyanazo zinalimo kale ichoka kufakitale. Chimene chimaziteteza ndi mankhwala a mu antifreeze, yomwe timasakaniza ndi madzi a mu radiyeta, amene amakuta zitsulozo kuti madzi asazifike. Mankhwalawo akatha mphamvu, mkuwa umasungunuka pang'onopang'ono, n'kukakhala pa aluminiyamu, ndipo ndi pomwepo pamayambira timaenje mwaonato.

Ndikufunseni: madzi akachepa panjira mumathiramo chiyani? Ngati ndi a pamjigo kapena a mumtsinje, mchere wake ndi umene ukufulumizitsa zonsezi.

Khuthulani onse, mutsuke mpaka madzi atuluke oyera, heater muli mutatsegula. Kenako theka antifreeze, theka madzi a distilled, omwe aja timathira mu batire. Pogula muwerenge botolo ngati yalembedwa kuti imateteza aluminiyamu ndi mkuwa womwe. Musadalire mtundu wake, wofiira kapena wobiriwira, chifukwa umenewo ndi utoto chabe, ndipo ma antifreeze ena mukawasakaniza amachita matope otseka radiyeta. Antifreeze wamba musinthe pakatha zaka 2.

Achisale, okonza zamagetsi, Mayfair

Onjezani ichi. Injini ili yozizira, tsegulani chivindikiro cha radiyeta, waya wakuda wa multimeter (kachida koyezera magetsi) pa negative ya batire, wofiira muviike m'madzimo osakhudza chitsulo. Muwerenge injini ili chozima, kenako muilize, muyatse nyali ndi fan. Ikapitirira 0.3 V pali vuto. Ikakwera mutayatsa zinthu, ndiye kuti waya wa earth wochoka pa injini kupita ku chassis wamasuka kapena wachita dzimbiri, ndipo magetsi akudzera m'madzi. Zikatero ngakhale antifreeze wodula sathandiza, heater imabooka pa miyezi yowerengeka.

Mayi a Chikondi, Cosmo City

Bambo, amuna anga amayenda msewu womwewo. Ife timasakaniziratu malita 5 m'chigubu asananyamuke, kuti ku Tete kukatentha asapemphe madzi kwa aliyense. Ambiri kwathu amati antifreeze ndi ya kumayiko a chipale, koma kuno mu June ndi July chisanu chimagwa ndithu. Komanso Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750, ndipo madzi osatsekera amawira pa 94°C osati 100. Ndiye chivindikiro cha radiyeta nachonso chionedwe, labala yake ikatha madzi amawira msanga n'kumatayika.

Bambo a Tadala, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Achisale, ndayeza m'mawa uno: chozima inali 0.2, nditayatsa nyali inafika 0.5. Waya wa earth ndamupeza wobiriwira ndi dzimbiri pa bawuti ya ku chassis, ndapala ndi sandpaper, ndamanga, yatsika. Housing yatsopano ndikatenga Loweruka. A ku Turffontein, head tiimasule tione mkati ulendo usanachitike, kapena pressure test, kupopera mpweya kuti tione ngati pakudontha, ikhoza kutiuza? Katundu wa anthu wadzaza kale m'galaja, tinagwirizana kunyamuka kumapeto kwa mwezi.