Boti lizigonera pamadzi: nangula wokhalitsa ndimupange bwanji?

Wapanyanja7:
Moni nonse anzanga a maboti. Ndili ndi kaboti ka injini kongosangalalirapo ndi banja, kutalika mamita 7, kulemera mwina tani imodzi ndi theka. Zokokera kumtunda nthawi zonse zanditopetsa ndiye ndikufuna lizingogonera pamadzi pomwepo. Malo ndawaona kale, kuya kwake ndi mamita 4 koma madzi akadzaza amafika 5. Maganizo anga ndi othira konkire mu dilamu kuti ilemere ngati makilogalamu 500, ndiikemo chitsulo chopinda, kenako chingwe chonenepa mpaka pa boya, choyandama chija chomangirapo boti, basi. Kodi zikwanira zimenezi? Ndipo ndikaponya pansi ndiye kuti zatha kapena pali zoti ndiziyang'anabe? Thandizeni chonde, sindikufuna kudzadzuka mmawa boti lili pamiyala.

MkuluWaDoko:
Achimwene mwachita bwino kufunsa musanathire konkireyo. Choyamba dziwani kuti 500 yanuyo ndi ya pamtunda. Konkire ikalowa m'madzi imapepuka kwambiri, imataya pafupifupi 40 pelesenti ya kulemera kwake, ndiye pansipo mutsala ndi makilogalamu osafika 300. Chitsulo sichitero, chimangotaya ngati 13 pelesenti, nchifukwa chake ena amakonda nangula wachitsulo ngakhale akuoneka wamng'ono.

Chachiwiri dilamuyo ayi ndithu. Chinthu chozungulira chimagubuduzika, boti likakoka mwamphamvu chizingotsatira pang'onopang'ono inu osadziwa. Umbani chibuloko chophwatalala, chachikulu m'lifupi koma chachifupi, kunsi kwake kukhale kolowa mkati pang'ono ngati mbale yovundikira kuti chikakhala pamatope chizimamatira. Chitsulo chomangirapo chikhale chonenepa ndithu ndipo chilowe mkati mwenimweni mwa konkire chitakolana ndi mawaya, poti chikadyeka chimenecho palibenso kukonza kwake, ndi kuumba china.

Koma simunatiuze chinthu chachikulu, pansipo pali chani? Matope, mchenga kapena miyala? Pamatope nangula uja wooneka ngati bowa amagwira bwino zedi chifukwa amamira yekha m'matopemo masabata akamapita, koma pamiyala kapena mchenga wolimba alibe ntchito amangokhwekhwerezeka. Pamchenga pamayenera wopota uja amene amamulowetsa pansi ngati sikuluu, amagwira kuposa onsewa koma amafuna anthu odziwa kumira ndi zida zake. Pamiyala ndiye kulemera kokha ndi kumene kungakupulumutseni. Kwa boti ngati lanulo ine 500 sindingagone nayo tulo, ndingapite pa tani kapena kupitirira.

Wapanyanja7:
Zikomo akulu, zoti konkire imapepuka chonchi zandidzidzimutsa. Pansipo ndi matope osakanikirana ndi mchenga. Nanga za chingwe bwanji?

Nachisale_B:
Za chingwezo ndi zimene ndimafuna ndiyankhe, chifukwa anthu amalimbana ndi kulemera kwa buloko pomwe maboti ambiri amene amathawa buloko amalisiya lili pomwepo, chimene chaduka ndi chapakati kapena chapamwamba. Chingwe chokha kuchokera pansi mpaka pamwamba musayerekeze, chizikhulana ndi mchenga usana ndi usiku mpaka kuduka. Pansi pamafunika tcheni cholemera, kutalika kwake kuchulukitsa kuya kwa madzi ka 1.5, ndipo muwerengere pamene madzi adzaza osati pamene aphwa, ndiye kwa inu ndi mamita 7.5. Kenako tcheni chopepukirapo chokwera mpaka pa boya, chofanana ndi kuya kwa madzi, mamita 5. Ntchito ya tcheni cholemeracho anthu ambiri saimvetsa, chimagona pansi ndiye mphepo ikakankha boti limayamba ladzutsa kaye tchenicho pang'onopang'ono, mphamvu ija imathera pamenepo isanafike pa buloko, komanso buloko limakokedwa chammbali osati chammwamba. Tcheni chikafupika boti limangoti gwedu gwedu funde lililonse, ndipo kugwedeza kumeneko ndi kumene kumazula zinthu. Kumbukiraninso kuti mphepo ikawirikiza liwiro kawiri mphamvu yake pa boti imakhala kanayi, ndiye musapime ndi tsiku labata.

Polumikiza matcheni awiriwo ikani swivel, kachitsulo kolumikizira kamene kamazungulira kokha, poti boti limazungulira ndi mphepo, popanda imeneyo tcheni chimapotana nkufupika. Ma shackle onse, tizitsulo tolumikizira tooneka ngati U totsekedwa ndi pini, pini yake muimange ndi waya, imamasuka yokha ndi kugwedezeka kuja, kanthu kakang'ono koma kataya maboti ambiri. Ndipo yezani bwalo lonse limene boti lizizungulira, tcheni kuphatikiza chingwe chapamwamba kuphatikiza boti lenilenilo mupeza mamita oposa 20 mbali zonse, muonetsetse kuti mulibe boti la mnzanu kapena mwala m'menemo. Musanaponye funsaninso oyang'anira malowo, malo ambiri amafuna chilolezo.

Chidzanja:
Achemwali anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za pamwamba. Kuchokera pa boya kufika pa boti gwiritsani chingwe cha nayiloni chifukwa chimatamuka, chimameza kukoka kwa mafunde. Chija chopepuka choyandama cha polypropylene dzuwa limachiwononga msanga, mukachigwira chimayamba kuyoyoka ngati ufa m'manja, chimenecho chisiyeni. Ndiye pamene chingwe chikudutsa pamphuno pa boti ndi pamene pali imfa yake, usiku umodzi wa mkuntho ndi wokwanira kuchidula ngakhale chili chatsopano. Chivekeni payipi yofewa kapena nsalu yokhuthala pamalo okhulanawo, ndipo zingwe zikhale ziwiri, chimodzi chikhale chotayirira pang'ono chongodikira.

Chinanso anthu amakopeka ndi shackle yonyezimira ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, nkuiphatikiza ndi tcheni cha galvanised, chokutidwa ndi zinki. Pansi pa madzi musatero, makamaka madzi amchere, zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana chimodzi chimadya chinzake ndipo chodyedwacho ndi tcheni chanucho. Zonse zikhale za mtundu umodzi.

MkuluWaDoko:
Pa funso lanu lija loti mukaponya ndiye kuti zatha, ayi sizitha. Chingwe chapamwamba ndi shackle ya pa boya muziziona nthawi iliyonse mwakwera boti, zapansi kamodzi pachaka nyengo ya mphepo isanayambe. Tcheni sichidyeka mofanana, mphete za pamwamba zikhoza kuoneka zatsopano pomwe pamalo pamene chimadzuka ndi kugwa pansi, pamene chimakhulana ndi mchenga paja, mphete zatsala ngati waya. Ndiye kuyang'ana pamwamba pokha sikuyang'ana. Wina amire kapena mukoke tcheni chonse, mupale ndere ndi dzimbiri, muyeze mphete pamene zimakolerana ndi inzake, ikakhala yadyeka kufika kotala la kunenepa kwake sinthani osadikira. Madzi opanda mchere dzimbiri lake limachedwerako koma mchenga umadya chimodzimodzi.

Wapanyanja7:
Dilamu ndaisiya, ndiumba chophwatalala cha tani imodzi. Funso lotsala ndi lakuti chinthu cholemera chonchi ndikachifikitsa bwanji pamalopo, poti kaboti kangaka sikangachinyamule?

Nachisale_B:
Musachikweze m'boti mwanu, pochitsitsa mbali imodzi imalemerera boti nkutembenuka. Mangani chiphaka cha madilamu otseka bwino, dilamu ya malita 200 imayandamitsa pafupifupi makilogalamu 180, bulokolo likakhala lapachikika kunsi m'madzi lilemera ngati 600, ndiye madilamu 6 akukwanirani ndi mpata womwe. Mukoke tsiku labata, tcheni chonse ndi boya mukhale mutalumikiziratu, ndipo potsitsa pasakhale mwendo wa munthu pafupi ndi tchenicho.