Thandizeni, nyimbo ya agogo akuti ndi yamaliro, ukwati uli Loweruka

Membala wobisa dzina:
Abale, mutu waima. Ndine wa kwa Ganya ku Ntcheu, ukwati wanga uli Loweruka lino. Mlongo wanga amaimba, ndiye anatenga nyimbo imene malemu agogo ankatiimbira tikamatong'ola chimanga pakhonde, n'kuijambula ndi zoimbira zamakono kuti tidzalowere m'holo. Mawu ake ndi a Chingoni, ndiye pomwe sanamve bwino anaikapo Chichewa chomveka mofanana. Dzulo amalume ataimvera pafoni anangovula chipewa, akuti imeneyi ndi yoperekezera maliro. Amalume omwewa sanasonkhe kalikonse, matumba a kachewere amene analonjeza mpaka pano kuli zii. Telala naye wandionongera diresi. Ndalama yojambulira tinalipira kale. Nditani ine?

Mngoni wa ku Lizulu:
Ndi zimenezi ndimanena tsiku ndi tsiku! Chingoni munachitaya, lero mukuvina zomwe simukuzimva. Woimba wa ku South Africa, Solomon Linda, anajambula nyimbo ya Mbube ku Johannesburg mu 1939, amati "uyimbube", kutanthauza kuti ndiwe mkango. Azungu a ku America anamva "wimoweh", mawu opanda tanthauzo, pofika 1961 inasanduka nyimbo ya Chingerezi yodziwika dziko lonse. Mwiniwake anamwalira ali wosauka mu 1962. Mlongo wanuyo wachita zomwezo, kungoti waba m'nyumba mwake momwe.

Mayi a mapasa:
Achemwali, mawu ake akuti chiyani? Lembani apa, tikuthandizani bwanji osaimva?

DJ wa pa Biriwiri:
Anthu amalowa m'holo ndi I Will Always Love You ya Whitney Houston, pomwe Dolly Parton anailemba potsanzikana ndi munthu. Palibe anafa nazo. Ikavinika yatha.

Mngoni wa ku Lizulu:
A DJ, inu ndi amene mwationongera maukwati. Ya mthimba, ukwati wa Chingoni, ndi ya mthimba, yamaliro ndi yamaliro. Munafikako ku Umhlangano, mwambo wa Angoni wa pa Nkolimbo, inu, kapena mumangoonera pa Facebook?

DJ wa pa Biriwiri:
Bambo, Chingoni chanucho mumangodziwa "bayethe" basi.

Nachisale wa ku Dedza:
Ine paukwati wanga kwaya inasintha vesi la nyimbo ya m'buku, apongozi anatuluka m'tchalitchi. Ndiwo zinatsala mapoto awiri, mpaka lero sitimwerana madzi. Samalani mwana wanga.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Koma amalumewa kuyambira pachinkhoswe akhala akundipinga, mwina akungofuna kundiwawitsa mtima. Ine ndikaimva ndimaona agogo atakhala pamphasa, lichero pamiyendo. Ndimafuna akhale nane tsikulo.

Mayi a mapasa:
Mawu aja, achemwali!

Mphunzitsi wopuma:
Pitani ndi foniyo kwa agogo ena awiri amene amavina ngoma m'mudzimo, aliyense payekha. Musawauze zomwe anena amalume. Ayambe aimba okha, kenako muwamvetsere ya mlongo wanuyo. Muwauzenso a DJ asunge ina yolowera.

Mngoni wa ku Lizulu:
Awiri a chiyani aphunzitsi, malume akanena wanena! Ndipo mnyamatayo asayerekeze kukailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ngati yake. Nyimbo ndi ya makolo imeneyo.

Mnyamata wa kabaza:
Nanga kachewereyo mukufuna matumba angati? Ku Tsangano ndimapita Lachinayi.